Uthenga umene a Tadeyo Kachiwanda anatenga pa ngalande

Malemu Bambo Tadeyo Kachiwanda anabadwa pa 9 Ogasiti 1981 ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, kumene bambo awo ankagwira ntchito yodula nzimbe. Kwawo kwenikweni ndi m'mudzi wa Kamphanje, m'boma la Ntchisi. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi la malemu Bambo Lefani Kachiwanda ndi Mayi Ndapile Kachiwanda, amene akutimvera pa foni kuchokera kumudziko. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Penjani, mlamu wa malemuwa, mlongo wawo wa Mayi Ketrina amene aferedwawa. Banja latuma ine, mwina poganiza kuti mlamu salira msanga.

Sukulu anayamba mu 1988 pa esiteti pomwepo. Sukuluyo inalipo ndithu, koma ngalande zothirira nzimbe zinaliponso, ndipo a Tadeyo ankagawa nthawi yawo pakati pa ziwirizi mosakondera. Mayi awo amanena kuti anathera zikoti zambiri pa nkhani imeneyi. Phindu lake linali lakuti mwana anaphunzira kusambira ali chivalire, chifukwa alonda a kumunda akatulukira sipankakhala mpata wovula malaya. Mu 1997 anapita ku sekondale ya masana ku Nkhotakota, nalemba mayeso a Fomu 4 mu 2000. Anakhoza, ngakhale sikunali kukhoza koimbira nthungululu.

Mu 2003 msuweni wawo anawaitanira kuno ku Glasgow kudzaphunzira za makompyuta. Masana ankapita ku koleji, madzulo ankatsuka mbale pa malo ena odyera ku Hillhead. Makompyutawo sanawayanje. Pa nthawiyo anyamata ochokera kumaiko ngati kwathu ankaloledwa kulowa usilikali wa dziko lino, choncho mu 2004 analembetsa. Atamaliza maphunziro a usilikali ku England, anawaika mu batalioni ya asilikali oyenda pansi ya konkuno ku Scotland. Chithunzi chawo choyamba atavala siketi ija amavala asilikali a kuno chitafika ku Ntchisi, mayi awo anachibisa pansi pa sutikesi, ndipo ndikumva kuti chili komweko mpaka lero.

Mu Seputembala 2007 anakwatitsa ukwati ndi Mayi Ketrina, nesi, amene anakumana nawo ku tchalitchi konkuno ku Shawlands. Ife a kuchikazi tinali ndi mafunso athu pa nkhani yopereka mlongo wathu kwa msilikali, koma sitinafunsidwe kwenikweni. Chaka chotsatira Mulungu anawadalitsa ndi mwana wamkazi, Chiso.

Ku batalioni kuja a Tadeyo anapeza bwenzi, mnyamata wa ku Easterhouse, dera lina la konkuno ku Glasgow, dzina lake Declan, mwana mmodzi yekha wa Mayi Angelina. Mayiwa tili nawo muno, akhala kutsogoloku pafupi ndi Chiso. Declan anali wamng'ono kwa a Tadeyo ndi zaka zingapo. Anali wolongolola, wosachedwa kupsa mtima, wosachedwanso kuiwala. Mawu amodzi a Chichewa amene anawagwira anali akuti achimwene, ndipo ankawatchula mokhotakhota moti akuluakulu ena a asilikali ankayesa ndi dzina la a Tadeyo. Anali wolimba mtima pa zonse kupatula chimodzi: madzi ankawaopa ngati mbuzi.

Mu Epulo 2009 batalioni yawo inatumizidwa ku nkhondo ku Helmand, m'dziko la Afghanistan. M'mwezi wa Julaye analamulidwa kuwoloka ngalande ina yaikulu yothirira minda, kuti akalande midzi ya kutsidya. Malemuwa ankati ngalandeyo inali yofanana ndi za ku Dwangwa, kungoti yotakata, yakuya kupitirira munthu, ndipo magombe ake anali otsetsereka. Kutsidya kunali mipanda ya dothi imene adani anaiboola timabowo tolowetsa mfuti, ndi mitengo ya mabulosi yobisalamo. Mlatho unalipo umodzi, koma njira yopita pamenepo inali yokwiriridwa mabomba. Akuluakulu anakonza zoti awolokere pena, pogwiritsa ntchito kamlatho kachitsulo konyamula pamapewa, kodutsa munthu mmodzimmodzi.

Cholinga chinali chofika pa ngalandeyo kusanache bwino. Koma amene ankatsogola ndi makina ofufuzira mabomba ankayenda pang'onopang'ono, monga ntchito yawo imafunira, ndipo pofika pa madzi dzuwa linali litakwera. Anaona amayi ndi ana akutuluka m'midzi ya kutsidya, katundu ali pamutu, kulowera kutali. Msilikali aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Kamlatho kaja atakakankha kanaperewera, mpaka anakatsitsira m'munsi mwa gombe, pamalo poterera. Kagulu koyamba kanawoloka bwinobwino popanda kumva kanthu. Adani anadikira kuti kachiwiri kakwere pa chitsulocho, ndipo mfuti zinayamba kulira kuchokera m'mipanda yonse nthawi imodzi.

Amene anawoloka aja anapanikizidwa m'munsi mwa gombe, osatha kupita kutsogolo, osathanso kudzutsa mutu. Lamulo linabwera lakuti abwerere. Pobwererapo Declan anawomberedwa ali pakati pa kamlathoko, nagwera m'madzi ndi katundu wake yense wa kumsana. A Tadeyo anali kumbuyo kwake. Anataya chikwama chawo nadumphira momwemo, ndipo madzi anawakokolola onse awiri mpaka m'mabango a kutsidya, kumene anzawo sakanatha kuwafikira. Anakhala kumeneko mpaka ndege zitabwera ndi utsi utaphimba ngalande yonse. A Tadeyo anawoloka kubwerera chosambira, chipolopolo chili m'ntchafu, akukoka thupi la Declan ndi lamba wa mfuti. Zomwe zinachitika m'mabangomo ndizinena kumapeto, pa chifukwa chimene mumve.

Tsiku limenelo batalioni sinawoloke. Inadzawoloka patapita masiku, pamalo ena, popanda kuliza mfuti, chifukwa adani anali atachoka okha. Ngalandeyo ilipobe, ikuthirira minda ya eni ake.

Declan anaikidwa m'manda ku Easterhouse a Tadeyo ali m'chipatala ku England, choncho pa maliropo panalibe. Apa ndifotokoze pang'ono chifukwa cha ana athu obadwira kuno. Kwathu munthu akamwalirira kutali, amene anali naye pa nthawiyo amakhala ndi udindo wokafotokoza kwa eni maliro m'mene zinayendera. Amapita ndi anthu, amakhala pansi, nayamba poyambira penipeni, kuti tinadzuka bwanji, tinadya chiyani, zinavuta pati. Sadumpha kanthu, sakometsa kanthu. Mpaka zimenezi zitachitika, maliro amakhala kuti sanathe, ngakhale manda atamera udzu. A Tadeyo anakula akudziwa zimenezi, ndipo sanaganizepo kuti pali dziko limene sizidziwika.

Mu Novembala chaka chomwecho, akuyendera ndodo, anasonkhanitsa akulu a mpingo ndi amayi a Mvano atavala yunifolomu yawo, nakwera basi ya ku Easterhouse. Ine ndinali ndisanabwere kuno, koma amene anapita ena ali muno, akhoza kunditsutsa. Sanaimbe foni, popeza ku maliro munthu sapempha chilolezo. Atafika anapeza kuti Mayi Angelina amakhala m'fulati ya pamwamba, yopanda khonde, yopanda bwalo. Anthu athu anachita zomwe amadziwa: anakhala pansi m'masitepe kuyambira pakhomo mpaka kunsi, nayamba nyimbo motsitsa mawu. Zitseko za aneba zinayamba kutseguka. Mayi Angelina potsegula chawo anaona masitepe odzaza ndi alendo amene sanawaonepo, ndi bambo wandodo akuvutika kugwada pamapazi awo.

A Tadeyo anayamba monga timayambira, kuti tinadzuka tonse bwinobwino tsikulo. Mayiwa atazindikira kumene nkhani ikulowera, anawadula. Anati asilikali anabwera kale kudzanena kuti mwana wawo anapita nthawi yomweyo osamva ululu, ndipo iwo agwira zimenezo. Anati amadziwa m'mene mwana wawo ankaopera madzi, ndipo ngati zoona zake n'zakuti anamira, sakufuna kuzimva kwa munthu aliyense. Atatero anatseka chitseko. Sanalakwe. Ifenso sitinalakwe mwadala. Kungoti mwambo umene kwathu umatonthoza, pa masitepe amenewo unaoneka ngati khamu lodzatsegula bala.

Kuyambira tsiku limenelo a Tadeyo anakhala ndi uthenga wopanda koutula. Ena anawalangiza kuti angonena mawu awiri pa foni, kapena atume munthu. Iwo anakana. Ankati uthenga wa maliro suponyedwa pa zenera, ndiponso sunenedwa theka. Ankadziwa kuti mkati mwake muli zina zotonthoza ndi zina zolanda mayi chitonthozo chimene anali nacho kale, ndipo kusankhamo zokoma zokha kukanakhala kunama. Abusa anayesa kuwauza kuti mbali yawo anachita, Mulungu anaona. Yankho lawo linali lakuti, “Abusa, katundu wa mwini satula panjira.” Amene munawadziwa alamu angawa mukudziwa kuti akanena chotero, nkhani yatha.

Mu 2011 anapuma usilikali chifukwa cha mwendo uja, naphunzira kuyendetsa basi. Atalembedwa ntchito anapempha okha njira ya ku Easterhouse. Sanapitenso kukagogoda pakhomo paja. Ankangoyendetsa basi yawo, podziwa kuti munthu wopanda galimoto tsiku lina adzakwera. Mayi Angelina anakweradi. Anawazindikira, nakakhala kumbuyo kwenikweni. Zinayenda choncho miyezi yambiri, moni wa dalaivala akupita osabwezedwa. Kenaka anayamba kugwedeza mutu. Kenaka anasendera mpando wa kutsogolo. Tsiku lina kukuzizira kwambiri anasiya botolo la supu wotentha pafupi ndi chiwongolero, natsika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ubale unayambira pamenepo. Mayiwa anayamba kubwera ku Shawlands kudzadya nawo chakudya Lamulungu, ndipo mwana wachiwiri, Mwabi, atabadwa mu 2012, ndi iwo anamunyamula popita ku ubatizo. Ana awiriwa amawatchula kuti agogo, m'Chingerezi chawo cha ku Glasgow chija chimene ife ena timamva mochedwa. A Tadeyo ankawakonzera mipope, kuwaperekeza ku chipatala, ndipo mwezi wa Julaye uliwonse ankakalambula pa manda a Declan. Koma mayiwa anaika lamulo limodzi kuyambira pachiyambi, lakuti akhoza kukamba za chilichonse pansi pano, za Declan yemwe ali mwana, koma za ngalande ayi. A Tadeyo analisunga lamulolo. Zinkawapweteka, ndipo mlongo wangayu ndi mboni. Munthu kudya mbale imodzi ndi mwini uthenga zaka zonsezi, uthengawo uli pakhosi, si chinthu chapafupi.

Pa ntchito ya basi anakhalapo zaka khumi ndi zitatu. Mu 2016 anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo uno. Ambiri muno amene munafika ku Glasgow ndi sutikesi imodzi ndi jekete yosakwanira, amene anakakuchingamirani ku bwalo la ndege ndi iwowa. Pa maliro aliwonse a Mmalawi ankayamba kufika ndi iwo, atanyamula mipando, n'kukhala omaliza kuchoka. Sindinena kuti anali mngelo. Anali amakani, osunga nthawi mopitirira muyeso, moti ankatha kukusiya pa siteji akukuona ukuthamanga, ngakhale uli mlamu wawo.

Mu Febuluwale 2024 anayamba kudandaula m'mimba. Monga mwa chikhalidwe chawo, anachedwa kupita ku chipatala ngakhale anali ndi nesi m'nyumba. Madokotala anapeza khansa ya m'matumbo itafalikira kale. Analandira chithandizo miyezi ingapo, nasiya ntchito mu Okutobala, ndipo mu Januwale chaka chino anawatengera ku nyumba yosamalira odwala amene matenda awo afika povuta. Mayi Angelina ankabwera kudzawaona pafupipafupi, n'kumakhala pambali pa bedi akuluka. Kamodzi kokha a Tadeyo anawafunsa ngati nthawi yakwana. Mayiwa anati osati lero.

Ataona kuti mphamvu zikutha, a Tadeyo anandiitana ine, mlongo wanga ali pomwepo ngati mboni. Anandifotokozera zonse za m'mabango muja kuyambira poyamba, nandiuza kuti ndibwereze mpaka atakhutira kuti sindikuwonjeza mchere. Anandilamula kuti ndisadzanene pokhapokha mwiniwake atapempha yekha, ndipo ngati sadzapempha, ndidzasiyire wina monga iwo asiyira ine. Bambo Tadeyo Kachiwanda anamwalira pa 3 Malichi 2025, ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.

Tsiku lotsatira, anthu atasonkhana pa siwa ku nyumba ya malemu, Mayi Angelina anafika osaimba foni, bulangete lili kukhwapa. Anakana mpando, nakhala pansi pamodzi ndi amayi anzawo. Asanachoke anauza Mayi Ketrina kuti iwo anawadikiritsa mokwanira a Tadeyo, ndipo tsopano akufuna kumva. Anapempha kuti zinenedwe pamaso pa anthu, m'chilankhulo cha a Tadeyo, monga zikanakhalira pa masitepe paja. Chiso akuwamasulira. Ndilankhula pang'onopang'ono, mwanawe, usathamange.

Mayi Angelina, uthenga wanu ndi uwu. Mwana wanu anadzuka bwinobwino tsikulo. Anadya, anadandaula za tiyi monga mwa masiku onse, nanyamuka ndi anzake. Chipolopolo chinamulowa m'nthiti, m'munsi mwa chovala chotchinjiriza chifuwa. Sanamire. A Tadeyo anamugwira asanapite pansi, nadula malamba a chikwama chake, namukokera m'mabango momwe madzi ankalekeza m'chifuwa. Anaimirira m'matope, nagoneka mutu wake paphewa pawo.

Sanapite nthawi yomweyo, mayi. Zinatenga nthawi, ndipo poyamba anamva ululu kwambiri. A Tadeyo anamubaya jakisoni wopha ululu amene msilikali aliyense amayenda naye, ndipo patapita kanthawi anayamba kupeza bwino. Madzi anawaopa poyamba, akugwira malaya a mnzake mwamphamvu, koma kenaka anamasuka, nanena kuti aka n'koyamba kusamba madzi ofunda chifikire m'dziko limenelo. Anafunsa ngati anzawo awoloka. A Tadeyo anamuuza zoona, kuti ayi. Anayankha ndi mawu amene sindingawabwereze m'tchalitchi muno, koma inu amene munamulera mukhoza kuwaganizira.

Chakumapeto anakuitanani. Sanaitane mwamantha ayi. Anaitana monga amachitira munthu amene wafika pakhomo manja ali ndi katundu, akufuna amutsegulire. A Tadeyo anamuyankha m'malo mwanu, kuti ndili pano. Anamva, chifukwa sanaitanenso. Atapuma komaliza, a Tadeyo anamutseka maso ndi pakamwa monga timachitira kwathu, namutsuka matope kumaso. Kuyambira pamene anamugwira mpaka pamene anamutula m'manja mwa anzake, nkhope ya mwana wanu sinalowe m'madzi. Uthenga wathera pamenepo.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Ketrina, ana awiri Chiso ndi Mwabi, mayi awo Mayi Ndapile ku Ntchisi, abale ndi alongo asanu, ndi Mayi Angelina a ku Easterhouse, amene banja lapempha kuti awerengedwe pamodzi ndi ofedwa.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi manesi amene anawasamalira, anzawo a mlongo wanga amene anamugwirira mashifiti kuti akhale pafupi ndi mwamuna wake, abusa ndi mpingo wonse, amayi a Mvano amene sanachoke pa siwa, madalaivala anzawo amene abwera ndi yunifolomu, ndi asilikali akale a batalioni ija amene anyamula bokosi. Ndikuthokozanso inu a kumudzi amene mwalola kuti mwana wanu agone kuno, pafupi ndi ana ake. Maliro n'kulirana. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Tikatuluka muno tikaika munthu mmodzi, koma maliro amene akutha lero ndi awiri. Alamu, zimene munanditumazi ndanena zonse, sindinadumphe kanthu. Mzimu wa Bambo Tadeyo Kachiwanda uuse mu mtendere, ndi wa Declan, mwana wa Mayi Angelina, uusenso mu mtendere.